Zaka Zitatu Zimene Ndinalonjeza Antonyo Semba

Ku Makhuwira, nkhondo ya Ajeremani itangotha

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, mwazimva mokwanira kwa azakhali anu. Ndiyambira pamene ndinayamba kugwira choko. Nkhondo ya Ajeremani itangotha, a mishoni ananditumiza kukaphunzitsa pa kasukulu ka kumudzi ku Makhuwira. Kanali kofolera ndi udzu, kopanda chitseko, ndipo ife tikaweruka mbuzi zinkalowamo kukapuma. Masileti anali ochepa, moti ana ambiri ankalemba pansi ndi chala, ine n'kumayenda pakati pawo mosamala kuti ndisaponde masamu a munthu. Nthawi yokolola thonje kalasi inkatsala ndi tiana tosatha kunyamula dengu. Ndinakhalako zaka zinayi, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakwatira mayi anu. Wotiyang'anira anali mzungu wa mishoni amene anthu anamutcha Chipewa, chifukwa sankavula chisoti chake ngakhale ali pamthunzi. Ankabwera pa machila kawiri pachaka, n'kumvetsera ana akuwerenga, n'kupita. Chaka chachisanu anandiitana n'kundiuza kuti ndikakhale mphunzitsi wamkulu pa sukulu yaikulu ya ku Makhanga.

Ku Makhanga, chaka choyamba

Pa sukulu imeneyo panali ana aang'ono a m'midzi yozungulira, komanso anyamata akuluakulu, ena atamera kale ndevu, amene ankagonera pomwepo n'kumaphunzira zaka zitatu kuti akakhale aphunzitsi othandiza m'masukulu a kumudzi. Ine zaka zanga zinali zisanakwane makumi atatu. Ndinapita ndikuganiza kuti mavuto anga adzakhala choko, mabuku ndi denga lodontha. Sindinkadziwa kuti anthu a kumeneko ankayesa sukulu yawo ndi chinthu chimodzi chokha, mpira.

Nkhani yake inali yotere. Mzungu wina amene anakhalapo kale pamishoni anabwera ndi mpira wachikopa n'kuphunzitsa anyamata kusewera. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse thonje likatha kukololedwa, anyamata a sukulu ankasewera ndi anyamata ogwira ntchito ya njanji a ku Chiromo. Poyamba a sukulu ankapambana. Mzunguyo atabwerera kwawo zinthu zinatembenuka, ndipo pamene ine ndinkafika n'kuti sukulu itagonja zaka zisanu zotsatizana. Inu a masiku ano mukhoza kuseka, koma kwa anthu aja sinali nkhani yoseketsa. A njanji ankavala kaki, ankayenda monyada, ndipo akaona msodzi akukweza dengu la mlamba m'sitima ankagwira mphuno n'kumamutcha wa m'matope. Tsiku la mpira linali tsiku lokhalo pachaka limene wa m'matope akanatha kuyankha. Anthu ankabwera pa miadiya, mabwato athu osema, kuchokera m'madambo, amayi atasenza ng'oma, azibambo ndi zipanda za mowa wa utchema zimene ankabisa m'bango kuti ife a mpingo tisaone. Kasewero kamene ankakonda kanali komenya mpira m'mwamba. Mpira ukakwera kupitirira mgwalangwa, nthungululu zinkamveka mpaka kumtsinje, ngakhale utagwera kwa adani.

Mtsogoleri wa ochemerera onsewo anali a Thole, mkulu wa mpingo, mwini miadiya itatu, wogulitsa nsomba zouma. Ndinene zoona, a Thole anali munthu wabwino kwa sukulu. Madzi akasefukira n'kutitsekera njira, miadiya yawo ndiyo inkatibweretsera chimanga cha anyamata ogonera ndi kunyamula odwala, osafunsa kanthu. Mwana wawo Bizeki anali m'chaka chachiwiri pa sukulupo, chimnyamata chachitali, ndipo ndiye ankamenya mpira m'mwamba kuposa wina aliyense.

Patangopita miyezi iwiri ndifikireni, anatitumizira mphunzitsi wa masamu, Antonyo Semba. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, wobadwira kutsidya kwa Apwitikizi. Ali mnyamata anagwirapo ntchito padoko ku Beira, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira mpira kwa amalinyero. Chinyanja ankachidziwa, koma akatengeka ankagwera ku Chisena. Tsiku lina masana anaima pambali pa bwalo n'kumaonerera anyamata akusewera, manja ali kumbuyo. Atamaliza anabwera pakhonde panga. Mayi anu anamupatsa thobwa, n'kukhala pamkeka chapafupi akusenda nandolo.

"Akulu," anatero, "anyamata awa sakusewera mpira. Akuthamangitsa mpira."

"Nanga inu mungathe kuwakonza, Aphunzitsi?"

"Ndingathe, koma osati chaka chino. Chaka chino tigonja. Chaka chamawa mwina tigonjanso, koma a njanji adzatuluka thukuta. Chachitatu tidzapambana. Mundipatse zaka zitatu, ndipo anthu akayamba kulankhula inu muime pakati pa iwo ndi ine."

Ndinaseka, ndinati anthu amene agonja zaka zisanu sangalephere kudikira zitatu. Iye sanaseke. Anandiyang'ana n'kufunsanso ngati ndikulonjeza. Ndinamugwira chanza n'kunena kuti ndalonjeza.

Anayamba ndi bwalo. Linali lodzaza ndi zitsa ndi mapazi a ng'ombe ouma m'dothi lakuda lija, ndipo anyamata anakhala milungu itatu ndi makasu asanakhudze mpira. Mpirawo unali umodzi, wosokedwa malo ambirimbiri, choncho Antonyo anapanga ina ya nsanza zomanga ndi luzi kuti aliyense azikhala ndi wake pamwendo. Anawaphunzitsa kuimitsa mpira, kuyang'ana mnzawo, ndi kupatsirana pansi. Anawathamangitsa mumchenga wa m'mphepete mwa Ruo. Kenaka anachita chimene chinautsa mudzi wonse. Anachotsa anyamata akuluakulu asanu amene ankakana kupatsira anzawo, Bizeki ali pakati pawo, n'kuika a chaka choyamba, owonda ngati bango. Mmodzi mwa iwo anali Fole, mwana wa mayi wamasiye wa kudambo, amene palibe ankamudziwa.

A Thole anabwera ku ofesi yanga m'mawa mwake, ndodo ili m'manja. "Aphunzitsi, mwana wanga walakwanji?"

"Sanalakwe, Bambo. Aphunzitsi Semba akumanga timu yatsopano. Tiwapatse nthawi."

"Nthawi? Ife tapereka kale zaka zisanu. Munthu amamanga pochotsa mizati n'kuika mapesi?"

Ndinawafotokozera za zaka zitatu zija. Anapukusa mutu, koma anati popeza ndine mlendo ndipo ndapempha mwaulemu, adikira aone. Chaka chimenecho tinagonja zigoli zisanu kwa chilowere. Anthu anabwerera ku miadiya yawo mwakachetechete, ng'oma zili pamutu zosaimbidwa. Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi n'kupempha mpingo kuti upirire. Nthawi imeneyo ndinasunga lonjezo langa, ndipo sizinandivute, chifukwa anthu anali asanayambe kuloza ine.

Chaka chachiwiri

Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri. Madzi analowa mpaka m'kalasi, ndipo ataphwa bwalo linali lokwiririka ndi matope ndi zinyalala za mumtsinje. Antonyo ndi anyamata ake anayambiranso ndi makasu. Chimanga chinachepa, ogonera ankadya kamodzi patsiku, masiku ena nyika zokumba kudambo, komabe masana aliwonse akaweruka ankapita kubwalo. Ine ndinkaimirira pawindo la ofesi n'kumaona mpira ukuyenda pansi kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, osaima. Za mpira sindinkadziwa zambiri, koma ndinkaona kuti chinachake chikubadwa. Ndinkaonanso china chimene chinkandiwawa mumtima ngakhale sindinkavomera: anyamata aja akamva mawu anga ankaimirira mwaulemu, koma akamva mawu a Antonyo nkhope zawo zinkawala.

Anthu a m'mudzi sankaona zimene ine ndinkaona. Asodzi akamadutsa pabwalo ankaima n'kumakuwa kuti, "Menyani, inu! Mukusisita mpira ngati mwana wakhanda?" Amayi anapeka nyimbo ya pamtondo yonena za munthu wa kutsidya amene anabwera kudzaphunzitsa amuna kuyenda ngati nkhuku. Nditapita ku Chiromo kukatenga katundu wa sukulu, kalaliki wa pasiteshoni anandifunsa pamaso pa anthu ngati chaka chino tibweretsa anyamata kapena atsikana. Anthu anaseka, ndipo ndinabwerera kunyumba khutu likutentha.

Tsiku la mpira linafika, ndipo khamu linali lalikulu kuposa chaka chapitacho. Chigawo choyamba a njanji sankadziwa kuti mpira uli kuti. Ankathamangira uku, mpira uli uko. Anyamata athu anapatsirana kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, Fole n'kuuponya m'golo lopanda ukonde, pakati pa nsungwi ziwiri. Ng'oma zinalira, ndipo ndinaona a Thole akuvina ndodo ili m'mwamba. Koma chigawo chachiwiri njala ya chaka chija inaoneka. Athu anatopa, a njanji anali amuna okhuta, ena atavala jombo pamene athu anali osavala. Anabweza chigoli chimodzi. Pamenepo khamu linachita mantha n'kuyamba kukuwa ndi mawu amodzi, "M'mwamba! Menya m'mwamba!" Antonyo ankathamanga m'mbali mwa bwalo akufuula m'Chisena kuti, "Nkhabe! Ayi! Pansi, pansi!" koma mawu a munthu mmodzi sakanamveka. Mnyamata wina wa kumbuyo, mpira uli pamwendo pake ndipo mnzake ali poyera pafupi, anamvera khamu. Anaumenya m'mwamba, unakagwera pachifuwa cha wamtali wa njanji, ndipo posakhalitsa unali m'golo mwathu. Tinagonja ziwiri kwa chimodzi.

Antonyo anabwera kwa ine akumwetulira, thukuta lili chuchuchu. "Akulu, mwaona? Mwaona chigawo choyamba chija? Chaka chamawa akadzadya bwino, basi!"

Asanamalize, chibuma cha dothi chinamugwera paphewa. China chinagwera pamapazi anga. Anthu anapirira pamene tinagonja zisanu, koma kugonja atalawa kale kupambana kunawapweteka koposa. Ankati Bizeki akanakhalapo, mpira uja ukanakagwera kugolo kwa adani.

Lolemba mabenchi a ana aang'ono anali opanda anthu pafupifupi theka. Makolo anati ana akuthandiza kumunda, koma tonse tinkadziwa. Lamulungu mapemphero atatha, akulu a mpingo anandiitanira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. A Thole ndiwo analankhula, ndipo sanakalipe.

"Aphunzitsi, munatipempha kudikira, tadikira. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano. Ine ndakalamba, sindikudziwa ngati chaka chamawa ndidzakhalapo. Munthu wanuyu mwina amadziwa mpira wa ku Beira, koma sadziwa mtima wathu. Sanabwerepo pakhomo panga kudzandiuza chifukwa chimene anachotsera mwana wanga. Ife sitikukana sukulu. Koma iye akakhala, ana athu sabwera, ndipo madzi akadzadza musadzayang'ane kudooko kwanga."

Mawu amenewo anali ndi choona chake. Antonyo sankadziwa kuyenda m'makomo n'kumacheza ndi akuluakulu, ndipo ine amene ndinkadziwa sindinamutengepo n'kupita naye. Ndikanatha kuwauza akuluwo kuti chatsala chaka chimodzi chokha, kuti chigoli chachiwiri chija chinabwera ndi kukuwa kwawo komwe, kuti ndinalonjeza. Ndikukhulupirira kuti ndikanalimba, ana akanabwerera patapita mwezi, ndipo a Thole sakanaleka odwala kufera pamtunda chifukwa cha mpira. Koma ndinayang'ana nkhope zawo n'kunena kuti ndamva, ndiganizira.

Nditawafotokozera kunyumba, mayi anu anandiyankha mosazungulira. "Munamugwira chanza ine ndili pomwepo. Mukufuna kuganizira chiyani?"

"Sukulu ikatsekedwa, adzafunsa ine, osati iye."

"Sukulu siitsekedwa. Inu mukuopa kusekedwa ku Chiromo."

Ndinawakalipira kuti za ntchito sazidziwa. Anatola dengu lawo n'kupita kudimba.

M'mawa mwake belu lisanalire ndinakhala mu ofesi n'kulembera Bwana Chipewa kalata. Apa ndi pamene ndikufuna muwerenge bwinobwino. Sindikanatha kulemba kuti mphunzitsi achotsedwe chifukwa timu yagonja, mzunguyo akanaseka. Choncho ndinalemba kuti Aphunzitsi Semba amataya nthawi ya maphunziro ndi mpira, kuti amajomba m'kalasi, ndiponso kuti masamu a anyamata abwerera m'mbuyo. Zonsezo zinali zabodza. Bwana Chipewa anali munthu wokhulupirira cholembedwa papepala kuposa mawu apakamwa, ndipo sanabwere kudzafufuza. Patatha milungu itatu yankho linafika lakuti Antonyo asamukire ku kasukulu ka mkati mwa dambo la Ndindi, kumene aphunzitsi ankakana kupita chifukwa cha udzudzu ndi madzi.

Nditamuuza anafunsa, "Akulu, ndalakwa chiyani?"

"Ndi Bwana alamula, Aphunzitsi. Ine ndangolandira kalata."

"Nanga chaka chachitatu chija?"

Ndinayang'ana m'kaundula wa mayina ngati muli chimene ndikufuna. Iye anadikira pang'ono, n'kutulutsa wezulo m'thumba, n'kuiika patebulo. "Anyamatawa musawaphunzitse kanthu," anatero. "Fole akudziwa zonse. Inu muzingoonetsetsa kuti adya, ndipo tsikulo muwauze atseke makutu."

Ananyamuka Loweruka, ndi mkazi wake amene anali woyembekezera, mphasa ziwiri ndi bokosi la mabuku. Mwadiya umene unawanyamula unali wa a Thole, ndipo a Thole eni ake anawapatsa nsomba za panjira. Anyamata onse ogonera anapita kudooko osapempha chilolezo changa. Ine ndinatsala mu ofesi. Mayi anu anapita.

Chaka chachitatu

Ana anabwerera m'mabenchi Lolemba lomwelo. Anthu ankandipatsa moni kuchokera patali, ndipo pakhomo pathu sipankasowa nsomba za makakana. Popeza panalibe mphunzitsi wina wodziwa mpira, wezulo inatsala ndi ine. Bizeki anali atamaliza maphunziro n'kupita kukaphunzitsa kwina, choncho nkhani yomubwezera sinabukenso. Masana ndinkapita kubwalo n'kuima pamene Antonyo ankaima, manja kumbuyo. Fole ankagawa anzake, kuwathamangitsa mumchenga, kuwadzudzula ndi mawu omwe aja a Chisena amene anatola kwa mphunzitsi wawo. Akafuna kuyamba ankayang'ana kwa ine, ine n'kuimba wezulo. Ntchito yanga inali yomweyo. Chaka chimenecho kunali chakudya chokwanira, ndipo anyamata owonda aja anali atasanduka amuna.

Tinapambana zitatu kwa chilowere. A njanji anamaliza atagwira m'mawondo, malilime ali kunja. Khamu linakuwanso kuti m'mwamba, koma palibe anamvera, ndipo chigoli chachiwiri chitalowa anthu omwewo anayamba kuombera m'manja kupatsirana kuja ngati kuti ndiwo anakupempha. Mpira utatha anandithamangira, n'kundinyamula pamapewa, n'kuzungulira nane bwalo. A Thole ankalira misozi. Anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Mwaona, Aphunzitsi? Tinkangofuna munthu wathu. Chaka chimodzi chokha mwakonza zimene mlendo uja analephera zaka ziwiri." Fole anali ataima pafupi, mpira uli m'khwapa. Anandiyang'ana, akudikira kuti ndiyankhe. Ndinati, "Zikomo, Bambo, Mulungu watithandiza."

Fole sanandinenepo kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anamaliza maphunziro, anabwera kudzatsanzika mwaulemu, ndipo pa zaka zonse zimene anaphunzitsa m'chigwa muno sanandilemberepo kalata, ngakhale anzake ankalemba.

Gulu lake litachoka, panalibe amene ankakonza a chaka choyamba. Ine sindinkadziwa poyambira. Chaka chotsatira tinagonja, chinacho tinagonjanso, mpira unabwerera m'mwamba, ndipo anthu anayamba kunena kuti anyamata a masiku ano ndi aulesi. A Thole anamwalira akukhulupirirabe kuti ine ndine ndinawapatsa tsiku lawo lija. Za Antonyo ndinkangomva mwa apo ndi apo: kuti kasukulu kake kanakokoloka kawiri, kuti mkazi wake ankadwaladwala malungo, ndiponso kuti patatha zaka ziwiri anasiya uphunzitsi. Nthawi iliyonse ndikamva ndinkadziuza kuti ndimulembera, koma sindinalembe.

Ku Port Herald, patapita zaka zambiri

Ndinakhala ku Makhanga zaka khumi ndi chimodzi, kenaka anandikweza kukhala woyendera masukulu a mishoni kuchokera ku Maseya mpaka kumalire. Za ntchito imeneyo, za njinga yanga ndi za masukulu amene ndinatsegula, inu akuluakulu mukuzikumbukira nokha. Tsiku lina masana ndinkadikira sitima ku Port Herald, kumene lero mukuti Nsanje, nditavala jekete ndi tayi, chikwama cha malipoti chili m'manja. Pafupi ndi ine munthu wina wa imvi ankamanga madengu a nsomba zouma. Atawerama ndinazindikira mmene ankapindira manja kumbuyo poyang'ana mfundo yake. Ndinafuna kutembenuka, koma anali atandiona kale.

"Akulu! Ndinu kodi?"

Tinagwirana chanza. Dzanja lake linali lolimba ngati chikopa cha ng'ona. Anandifunsa za mayi anu, ine ndinamufunsa za kwawo. Anati mkazi wake alipo ngakhale sanapezenso mphamvu, ana ali anayi, ndipo amapha nsomba ku Ndindi komweko. Kenaka anandikokera pamthunzi wa siteshoni n'kunena kuti, "Ndinamva kuti munapambana zitatu, koma amene anandiuza sankadziwa mpira. Inu munalipo. Tandiuzeni, choyamba chinalowa bwanji?"

Ndinamufotokozera zonse zimene ndinkakumbukira. Iye anakhala chonjuta n'kumajambula pansi ndi kamtengo, uyu anali apa, uyu anathamangira uku, n'kumandikonza pamene ndasokoneza mayina, ngati kuti iye ndiye analipo ine kulibe. Nditafika pa chigoli chachitatu anaseka n'kumenya bondo lake. "Pyadidi! Zabwino zedi! Ndinkadziwa ine. Anyamata aja!" Ndinaona kuti chisangalalo chake chinali chenicheni, ndipo chinandipyoza kuposa mmene mkwiyo ukanachitira.

Utsi wa sitima unayamba kuoneka kumwera. Ndinadziwa kuti ndikapanda kunena pamenepo sindidzanenanso.

"Aphunzitsi," ndinatero, "kusamutsidwa kwanu kuja, si Bwana anayamba. Ndine ndinalemba kalata."

Anafufuta zojambula zake ndi phazi, pang'onopang'ono. "Ndikudziwa, Akulu. Tsiku limene ndinkasiya ntchito ndinapempha Bwana Chipewa kalata yondichitira umboni kuti ndikafune uphunzitsi kwina. Anakana, ndipo anatulutsa yanuyo n'kundiwerengera yonse."

Sindinkadziwa kuti zinafika pamenepo.

"Za kundichotsa ndinakumvetsani kalekale," anapitiriza. "Anthu aja anali ambiri, inu munali nokha, ndiponso munali mwana. Mukanangondiuza kuti, Antonyo, ndalephera kuima, ndikanapita ndi mtima woyera. Mpira ndi masewera. Koma munalemba kuti ndinkajomba m'kalasi, kuti masamu a anyamata anabwerera m'mbuyo. Imeneyo inali ntchito yanga, Akulu. Imeneyo ndiyo munanditengera."

Sanakweze mawu. Sitima inaima, anthu anayamba kukankhana, ndipo iye anatembenukira madengu ake. Ndinaika chikwama pansi n'kugwira mbali imodzi ya dengu lalikulu, tinakweza limodzi m'ngolo ya katundu. Anandithokoza m'Chisena kuti, "Takhuta," n'kukwera komweko ndi nsomba zake. Ine ndinapita kungolo ya anthu a matayi. Anatsikira pasiteshoni ina ine osamuona, ndipo sitinakumanenso. Bwana Chipewa anali atabwerera kale kwawo, ndipo ndinadziuza kuti palibe woti ndingamulembere kukonza kalata ija. Chimenecho chinalinso chonamizira, chifukwa amene analowa m'malo mwake ndinkaonana naye mwezi uliwonse, ndipo panthawi imeneyo mawu anga akanatha kubwezera munthu pantchito. Ndinaopa kuti adzafunsa chifukwa chake, ine n'kuyankha. Ndinazengereza chaka chimenecho ndi chinacho, mpaka uthenga unandipeza wakuti Antonyo anamwalira.

Mayi anu anadziwa zonsezi mpaka tsiku limene anatisiya, ndipo sanauzepo aliyense wa inu. Ana a Antonyo ayenera kuti akadali cha ku Ndindi, kapena adzukulu ake. Mmodzi wa inu akatenge masamba awa, akawafunefune, akawawerengere. Kalata yoyamba ija inalembedwa ndi dzanja langa, ndipo ndi dzanja lomwelo ndikulemba izi: Antonyo Semba anaphunzitsa pansi panga zaka ziwiri ku Makhanga. Sanajombepo m'kalasi ngakhale tsiku limodzi, ndipo pa zaka zonse zimene ndinayendera masukulu m'chigwa chino sindinapeze mphunzitsi wa masamu womuposa.